Imfa za Ana ndi Amayi m'Malawi: Zimene Chiwerengero Chikuphunzitsa

Mayi wachikulire wa kumudzi akafunsidwa kuti ali ndi ana angati, kawirikawiri yankho lake limabwera pawiri. Amayamba watchula ana onse amene adabereka, kenaka n'kutchula amene ali moyo: adabereka asanu ndi anayi, koma otsala ndi asanu. Mwana wake wamkazi, amene lero akupita ku sikelo ndi khanda kumbuyo, akafunsidwa funso lomwelo nthawi zambiri amatchula chiwerengero chimodzi chokha, pakuti ana amene adabereka ndi omwewo amene akusewera pabwalo. Kusintha kumeneku kwachitika pa mbadwo umodzi wokha, ndipo kukuoneka bwino lomwe m'chiwerengero cha imfa chimene boma limasonkhanitsa.

Anthu ambiri safuna kumva za kuwerenga maliro, poti imfa ndi chinthu chowawa ngakhale pochitchula. Komabe chiwerengerochi ndicho chimaonetsa kumene imfa imadzera, anthu amene imawapeza msanga, ndiponso zinthu zimene zimaitsekera njira. Chikusonyeza kuti imfa zambiri za ana zidapewedwa ndi chithandizo wamba chopezeka pa chipatala chaching'ono cha kumudzi. Chikusonyezanso kuti imfa zimene zikuvutabe zaunjikana pa nthawi imodzi, ndiyo nthawi yobereka ndi mwezi woyamba wa moyo wa mwana.

IMFA ZIMAWERENGEDWA BWANJI?

Ntchito yowerenga anthu m'dziko la Malawi ili m'manja mwa ofesi ya National Statistical Office imene likulu lake lili ku Zomba. Kalembera wa anthu onse adachitika m'zaka za 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018. M'chaka cha 1966 anthu adalipo 4 miliyoni, mu 1977 adakwana 5.5 miliyoni, ndipo pofika 2018 adali atapitirira 17.5 miliyoni.

Popeza kalembera amachitika patapita zaka khumi, kuyambira 1992 ofesiyi, mogwirizana ndi Unduna wa za Umoyo, imachitanso kafukufuku wapadera wa za umoyo pakapita zaka zingapo. Alembi amayendera midzi yosankhidwa m'zigawo zonse za dziko, nakhala pansi ndi amayi a zaka zoyambira 15 mpaka 49. Mayi aliyense amafunsidwa za mwana aliyense amene adabereka: nthawi imene adabadwa, ngati ali moyo, ndipo ngati adamwalira, adamwalira ali ndi masiku, miyezi kapena zaka zingati. Pa kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 amayi oposa 24,000 adafunsidwa motere. Tsono yankho la pawiri lija la amayi a kumudzi ndilo gwero la chiwerengero cha dziko lonse.

Kungoonkhetsa maliro onse sikuthandiza kwenikweni. Mudzi wa mabanja 200 ukhoza kukhala ndi maliro ambiri kuposa mudzi wa mabanja 20 chifukwa cha kuchuluka kwa anthu kokha, ngakhale anthu ake atakhala athanzi. Motero, pofuna kuyerekeza chaka ndi chaka chinzake mwachilungamo, akatswiri amafunsa funso ili: pa ana 1,000 alionse obadwa amoyo, ndi angati amene amamwalira asanakwanitse zaka zisanu?

ZIMENE CHIWERENGERO CHIKUNENA

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pafupifupi mwana mmodzi mwa ana atatu alionse a m'dziko lino ankamwalira asanafike zaka zisanu. Kafukufuku wa za umoyo atayamba, mayankho a funso lija adali motere: mu 1992 ana 234 pa 1,000 alionse; mu 2000 ana 189; mu 2004 ana 133; mu 2010 ana 112; ndipo mu 2015 mpaka 2016 ana 63. Kafukufuku wina wa 2019 mpaka 2020 adapeza ana 56.

Tanthauzo lake ndi lakuti mu 1992 pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi sankafika msinkhu woyamba sukulu, pamene mu 2016 adali mwana mmodzi mwa 16. Pa makanda 100 ofika pa mzere wa sikelo, kale 23 ankatayika, koma pofika 2016 otayika adali 6.

M'chaka cha 2000 maiko a dziko lapansi adagwirizana kuti pofika 2015 achepetse imfa za ana ndi magawo awiri mwa atatu poyerekeza ndi mmene zidalili mu 1990. Dziko la Malawi lidali limodzi mwa maiko ochepa a mu Africa amene adakwanitsa pangano limeneli, ngakhale kuti lili m'gulu la maiko osauka kwambiri. Apa pali phunziro lalikulu, pakuti maiko ena olemera kuposa Malawi adalephera. Chimene chidathandiza ndicho kufikitsa chithandizo chotsika mtengo kwa ana ambiri, mpaka m'midzi yakutali.

ZIMENE ZIDATSITSA IMFA ZA ANA

Choyamba ndi katemera. Nthomba, imene akuluakulu ena akadali ndi zipsera zake, idalengezedwa kuti yatha pa dziko lonse lapansi mu 1980 chifukwa cha katemera. Ndondomeko yotemera ana onse ku matenda a chikuku, kafumbata, chifuwa chokoka mtima, chifuwa chachikulu ndi poliyo idakhazikitsidwa m'dziko lino mu 1979. Pambuyo pake padaonjezedwa katemera wa chibayo mu 2011 ndi katemera wa kachilombo kotsegula m'mimba mu 2012. Mu 2019 Malawi lidakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana m'maboma ena, pa ntchito imene idachitikanso ku Ghana ndi ku Kenya. Komatu katemera amateteza mudzi pokhapokha ana ambiri atalandira. Mu 2010 chikuku chidabukanso n'kugwira anthu oposa 100,000, ndipo mliriwo udakumbutsa dziko lonse kuti nthenda imene yazilala imadikira ana osatemera achuluke.

Chachiwiri ndi nkhondo yolimbana ndi malungo. Mankhwala akale a chloroquine atasiya kugwira ntchito, boma lidasintha n'kuyamba Fansidar mu 1993, ndipo mu 2007 lidasinthanso n'kuyamba LA. Masikito onyikidwa m'mankhwala adagawidwa kwaulere kwa amayi oyembekezera ndi kwa mabanja. Mu 2010 ana 43 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu adapezeka ndi tizilombo ta malungo m'magazi, koma mu 2017 adali 24. Masikito amene amateteza mwana ndi okhawo amene akungidwa pogona usiku uliwonse. Amene atchingira dimba kapena kukokera usipa ku nyanja asiya mwana m'manja mwa udzudzu.

Chachitatu ndi kugonjetsa kutsegula m'mimba. Chimene chimapha mwana wotsegula m'mimba ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo liwombo likalowa, chimenecho ndi chizindikiro cha kuchepa kwa madzi. Thanzi ORS wosungunula m'madzi aukhondo, mapiritsi a zinc ndi kupitiriza kuyamwitsa zapulumutsa ana osawerengeka. Mijigo, zimbudzi zovindikira ndi kusamba m'manja ndi sopo zidachepetsa nthendayi pa chiyambi pake.

Chachinayi ndi kuchepetsa mphamvu ya Edzi. Munthu woyamba kupezeka ndi nthendayi m'dziko lino adadziwika mu 1985, ndipo pa zaka zotsatira idapha makolo ndi makanda ochuluka. Mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma mu 2004. Mu 2011 Malawi lidakhala dziko loyamba kulamula kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilomboka ayambe kumwa mankhwalawa nthawi yomweyo kwa moyo wake wonse. Njira imeneyi idateteza makanda kuti asatenge kachilomboka, idasunganso amayi awo, ndipo maiko ambiri adatengera.

Chachisanu ndi alangizi a za umoyo a m'midzi. Ntchito yawo idayamba ndi otemera nthomba ndi othandiza pa mliri wa kolera wa m'zaka za m'ma 1970. Kuyambira 2008 ambiri a iwo adaphunzitsidwa kuchiza malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba kwa ana m'midzi ya kutali ndi chipatala. Mwana amene kale akadagonera masiku atatu podikira kuti apezeke womunyamula, tsopano akhoza kulandira mankhwala tsiku lomwelo.

IMFA SIGWA MOFANANA PA MAKOMO ONSE

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo pa zinthu zambiri mawuwa ndi oona. Koma pa imfa za ana, chiwerengero chikuonetsa kuti ng'oma imamveka ndithu kwa amene akutchera khutu, pakuti kafukufuku aliyense amapeza imfa zochuluka pa makomo a mtundu womwewomwewo.

Kubereka pafupipafupi ndiko koyamba. Mwana wobadwa pasanathe zaka ziwiri chibadwire mnzake amakhala pa ngozi yaikulu kuposa wobadwa patapita zaka zitatu kapena zinayi. Thupi la mayi limakhala lisanabwerere mwakale, motero khanda limabadwa lochepa, ndipo mkulu wake amachotsedwa ku bere msanga. Mwana wotereyu akayamba kutupa miyendo, tsitsi n'kufiira, ena amati ndi tsempho nayamba kufunafuna wolakwa m'banja, chonsecho chimene chikumudya ndi kusowa kwa chakudya choyenera. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti papite zaka ziwiri mayi atabereka asanatenge pakati pena. Kulera kwathandiza kale pa nkhani imeneyi: mu 1992 mayi mmodzi ankabereka ana pafupifupi 7 pa moyo wake, pamene pofika 2016 ankabereka 4 kapena 5.

Msinkhu wa mayi ndi wachiwiri. Ana obadwa kwa atsikana osakwana zaka 20 amamwalira kwambiri kuposa obadwa kwa amayi okhwima, ndipo atsikanawo amavutika pobereka chifukwa chiuno chimakhala chisanakule. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 adali atabereka kale kapena adali oyembekezera. Lamulo la 2015, limene lidalimbikitsidwa posintha malamulo aakulu a dziko mu 2017, limaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Makolo ndi mafumu amene amasunga lamuloli amapulumutsa miyoyo iwiri nthawi imodzi.

Sukulu nayo ili ndi mbali yake. Ana a amayi amene adafika ku sekondale amapulumuka kwambiri kuposa ana a amayi amene sadapite ku sukulu. Mtsikana amene wakhalitsa pa sukulu amakwatiwa mochedwerapo, amawerenga yekha buku la ku sikelo, ndipo amalimba mtima kunena kuti mwana apite ku chipatala lero lomwe.

Chakudya ndicho china. Pa dziko lonse lapansi, pafupifupi theka la imfa za ana aang'ono limakhudzana ndi kunyentchera, pakuti mwana wopanda chakudya chokwanira sapirira chikuku, chibayo kapena malungo. Mu 1992 ana 55 pa 100 alionse a m'dziko lino adali okwinimbira, ndipo pofika 2016 adali 37. Chiwerengerochi chatsika, koma mwa ana atatu alionse mmodzi adali asakukulabe moyenera. Mwana amafunika bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi, osamupatsa madzi kapena phala. Pambuyo pake amafunika phala lothira nsinjiro, soya, dzira kapena ufa wa usipa, pamodzi ndi masamba ndi zipatso, uku akuyamwabe mpaka zaka ziwiri.

Pomaliza pali umphawi ndi kutalika kwa ulendo. Imfa za ana zimachuluka ku midzi kuposa m'tauni, ndiponso pa mabanja osauka kuposa opeza bwino. Mtunda sungafupikitsidwe ndi banja limodzi, koma nthawi imene imatayika pakhomo, podikira bambo abwere ku munda kapena poyamba kuyesa mizu, ili m'manja mwa banjalo.

MWEZI WOYAMBA WA MOYO

Pali gawo limodzi la chiwerengero limene latsika pang'ono chabe. Mu 1992, pa makanda 1,000 alionse obadwa amoyo, 41 ankamwalira asanathe masiku 28. Mu 2015 mpaka 2016 adali 27, ndipo mu 2019 mpaka 2020 adali 26. Kale imfa za mwezi woyamba zinkakhala zosafika imodzi mwa imfa zisanu za ana. Pofika 2016 zidali zinayi mwa khumi. Katemera wa chikuku ndi mankhwala a malungo zimateteza mwana wokulirapo, koma khanda la masiku awiri lili ndi adani ake ena. Ambiri mwa makanda amenewa amamwalira m'sabata yoyamba, makamaka pa tsiku lobadwa.

Zifukwa zazikulu zilipo zitatu: kubadwa masiku asanakwane, kubanika pobadwa, ndi matenda olowa m'thupi, kawirikawiri kudzera pa mchombo. Lipoti la WHO la 2012 lidasonyeza kuti ku Malawi ana 18 pa 100 alionse ankabadwa masiku asanakwane, chiwerengero chimene chidali chokwera kuposa cha maiko onse pa nthawi imeneyo.

Zambiri zopulumutsa khanda zimayamba lisanabadwe. Mayi ayenera kuyamba sikelo ya pakati m'miyezi itatu yoyamba ndi kupitako nthawi zonse zimene anamwino anena, kuti ayezedwe magazi, alandire katemera wa kafumbata, mankhwala oteteza ku malungo ndi mapiritsi oonjezera magazi. Mayi wokhala kutali akadikirire ku chipatala mwezi wake ukayandikira. Mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda a uchembere ndi oopsa, pakuti amatha kung'amba chiberekero ndi kubanikitsa mwana.

Khanda likabadwa, lipukutidwe ndi kuikidwa pa chifuwa cha amayi ake, lifunditsidwe mutu womwe, ndipo liyamwe ola loyamba lisanathe. Mkaka woyamba wachikasu uja suyenera kufinyidwira pansi, chifukwa ndiwo uli ndi mphamvu yoteteza ku matenda. Kusambitsa kudikire mpaka tsiku lathunthu litapita. Pa mchombo pasapakidwe phulusa, mwaye, dothi kapena madzi a masamba, kupatula mankhwala amene achipatala apereka. Khanda lobadwa lochepa limapulumuka pomangiriridwa pa chifuwa cha mayi, bambo kapena agogo, khungu kukhudzana ndi khungu, usana ndi usiku, njira imene achipatala amaitcha kangaroo.

Mwambo wa chikuta uli ndi ubwino wake poti umapatsa mayi mpumulo, koma usaletse khanda lodwala kutuluka m'nyumba. Khanda likakana kuyamwa, likatentha kapena kuzizira thupi, likamapuma mofulumira kapena movutikira, likakomoka, likachita chikasu, kapena mchombo ukafiira ndi kutuluka mafinya, liyenera kupita ku chipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Khanda lotere silingadikire kuti kuche.

IMFA ZA AMAYI

Imfa za amayi zimawerengedwa pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Kafukufuku wa 2000 adapeza amayi 1,120. Wa 2004 adapeza 984. Wa 2010 adapeza 675. Ndipo wa 2015 mpaka 2016 adapeza 439. M'zaka zomwezi amayi oberekera ku chipatala adachuluka kuchokera pa 55 pa 100 alionse mu 1992 kufika pa 91 mu 2016, ndipo mu 2007 boma lidaletsa azamba a m'midzi kubereketsa.

Zimene zimapha amayi kwambiri ndi kutaya magazi, matenda olowa pambuyo pobereka, kuthamanga kwa magazi kumene kumakomola, kulephera kubereka ndi kuchotsa pakati mwa njira zobisika. Mayi amene akutaya magazi atabereka akhoza kumwalira pa maola awiri okha. Achipatala amatchula kuchedwa kwa mitundu itatu: kuchedwa kuganiza zonyamuka, kuchedwa pa njira, ndi kuchedwa kulandira chithandizo atafika. Popeza amayi ambiri tsopano akumvera langizo loberekera ku chipatala, udindo waukulu wagweranso zipatala, kuti anamwino, magazi, mankhwala ndi galimoto zipezeke pa nthawi yake. Banja nalo likonzeretu ndalama ya ulendo ndi munthu woperekeza, ndipo abale athanzi asaope kupereka magazi. Mayi akamwalira pobereka, khanda lake nalo limakhala pa ngozi yaikulu yomutsatira.

AKULUAKULU NDI MILIRI

Cha m'ma 2000, Edzi itafika pachimake, mwana wobadwa m'dziko lino ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka zosafika 50. Pofika 2019 zaka zimenezi zidali zitapitirira 60. Anthu akamakhalitsa, matenda a kuthamanga kwa magazi, shuga ndi khansa amayamba kuonekera kwambiri m'chiwerengero. Khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri m'Malawi, chonsecho ikapezeka msanga imachizika, ndipo kuyambira 2019 atsikana akulandira katemera woiteteza.

Zimene zapindulidwa zikhoza kutayikanso. Kolera imene idayamba ku Machinga mu March 2022 idafalikira m'maboma onse, nigwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo udali mliri wa kolera woopsa kuposa ina yonse m'mbiri ya dziko lino. Nthendayi idadzera m'njira zodziwika kale: madzi osatetezedwa, kusowa kwa zimbudzi, ndi kuchedwa kupita ku chipatala.

KULEMBETSA KUBADWA NDI IMFA

Kafukufuku amachitika mwa apo ndi apo, ndipo amafunsa mabanja osankhidwa okha. Njira yodalirika koposa ndi kulemba kubadwa kulikonse ndi imfa iliyonse pa nthawi imene zachitika. Lamulo la kalembera la 2010, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2015, limafuna kuti zonsezi zilembetsedwe ku National Registration Bureau. Zochitikira ku chipatala zimalembedwa komweko, ndipo zochitikira pakhomo zimadzera kwa anyakwawa kupita ku ofesi ya kalembera ya pa boma.

Imfa zambiri za kumudzi sizifika m'kaundula, makamaka za makanda amene amaikidwa mwakachetechete ndi amayi okhaokha, asanapatsidwe n'dzina lomwe. Imfa zimenezi ndi zomwe zija zimene zikukana kutsika, ndipo zikapanda kulembedwa, okonza ndondomeko ya za umoyo sangadziwe dera limene likusowa mzamba, ambulansi kapena mjigo. Pa chifukwa chimenechi mlangizi wa za umoyo akafika pa khomo la maliro n'kufunsa mmene mwana adadwalira, masiku amene adadwala ndi kumene adapita naye, cholinga chake si kuimba mlandu ofedwa. Mayankho a banja lofedwalo ndiwo amathandiza kuti khanda la pa khomo loyandikana nalo lidzafike pa mzere wa sikelo, lidzakule, ndi kuyamba sukulu.